Manja a achemwali Edna

Lolemba, 6 Januwale
Achemwali Edna afika kuchokera kunja. Kuonda kwake! Mwana wanga Millie amuona koyamba, kumunyamula osafuna kumutula. Amubweretsera shawelo yachikasu.
Ndawafunsa za ntchito. Akuti ali m'gulu lojambula chombo chodzapita ndi anthu ku dziko lakumwamba lotchedwa Mars. Injini yake ya yureniyamu. Imatenthetsa mpweya koopsa, mpweyawo n'kutulukira kumbuyo, chombo n'kumathamanga. Anthu kutsogolo, moto kumbuyo kwenikweni, matanki pakati. "Gawo langa ndi khoma, Esteri, loti poizoni wa motowo asafike kwa anthu." Zambiri zandidutsa. Za khoma ndamva.

Lachitatu, 8 Januwale
Millie thupi moto. Kuyamwa wakana.
Amalume a Pilato afika. Akuti yureniyamu anaimva pa wailesi, imaotcha munthu popanda lawi, ndipo achemwali abwera nayo m'manja. Shawelo aitentha kuseri kwa bafa ine ndikuona. Achemwali kuwaonetsa laputopu: "Ankolo, ine ndimangojambula apa, chinthucho sindinachikhudzepo." Amalume: "Nanga khomalo mukumangiranji ngati si choopsa?"
Lamulo lawo: achemwali asamugwirenso mwana, akagone kwina. Millie akatemedwe mphini kwa asing'anga Lachisanu.
Bambo a Millie akuti ndi mkamwini, za mbumba ya eni sangalowerere. Ngati mwanayu anatola pamsewu.

Lachinayi, 9 Januwale
Ndikuopa. Nanenso ndawayang'ana manja a achemwali, Mulungu andikhululukire. Manja omwe ankandisambitsa mayi atamwalira.
Masana mwana wanjenjemera, maso m'mwamba. Lumo pa mwana wanga ayi. Sukulu ndinalekezera Sitandade 6, koma pobereka uyu panalibe amalume. Ndikupita ku chipatala cha Mishoni pompano. Mvula igwe. Amalume akalipe.

Loweruka, 11 Januwale
Malungo. Anamubaya chala, mizere iwiri. Malungo enieni a udzudzu wa kwathu konkuno. Diripu, jakisoni.
Achemwali anatitsatira. Phala akubwera nalo, koma kupereka chotambasula mkono, mwana osamukhudza. Akuti safuna amalume adzandivutitse iwo akabwerera. Munthu wa sukulu zonsezo kumaima pakhomo ngati wakuba. Zandiwawa kuposa shawelo.
Lero Millie wayamwa. Wandiluma ndithu. Ndaseka, kenaka misozi.

Lolemba, 13 Januwale
Atitulutsa. Pa Chitakale ndagula shawelo ina, yachikasu, ya kaunjika. Yakuda pang'ono m'mphepete, ilibe kanthu.
Pofika pa kanjira kolowera kwathu, amalume ali pakhonde, azimayi pa mjigo onse maso kuno. Ndaima. Ndamasula chitenje, mwana ndamuika pamsana pa achemwali. Mfundo ndamanga ndekha, kawiri.
Iwo chonong'ona: "Esteri, ankolo ali pakhonde."
Ndati ndawaona, tsogolani.