Ndevu za Ometa

Lolemba, 3 Malichi

Sabata yachitatu, ndevu zikadali pomwepo. Mwamuna wanga, munthu wometa anzake, iye nkhope ngati tsache.

Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, m'mawa uliwonse bambowa amakhala pakhomo pa shopu yawo, galasi pamsomali, n'kudzimeta ndi lezala anthu akuona. Amati chimenecho ndiye chikwangwani chawo. Lero chikwangwani chamera tchire.

Ndafunsa. Akuti, "Fashoni, mayi." Fashoni pamsinkhu umenewu? Zaziii.

Makope a chimangirizo 64, osachonga ndi limodzi lomwe. Mutu ukuwawa.

Lachitatu, 5 Malichi

Uthenga pafoni nthawi ya buleki: "Mugule sopo!!!!!!" Mifuwuliro isanu ndi umodzi. Pa sopo! Ine ndimatha mawu m'kalasi kuuza ana kuti mfuwuliro ndi umodzi basi, ndipo ndi wa moto kapena njoka. Kale bambowa ankalemba ngati kalata ya ku ofesi, mpumiro pamalo pake.

Madzulo kwabwera alamu, achemwali awo aakulu a bambowa. Kulakwa kwanga, ndawaonetsa uthengawo kuti tiseke. Sanaseke. Foni ayigwira patali ngati ili ndi matenda. "Timitengo iti ndi ndevu zija n'chimodzimodzi. Munthu wamutu wake salemba chonchi. Amalume athu anayamba choncho."

Amalume awowo sanagwirepo foni chibadwire. Ndangolandira foni yanga, ndisayambitse nkhondo.

Lachisanu, 7 Malichi

Adalaivala a basi andiimitsa pageti la sukulu. Kasitomala wa zaka zambiri. Akuti bambowa akana kuwameta ndi lezala, ati makina okha, akafuna lezala apite kwa anzawo a kuseri kwa msika. "Ndawalakwira chiyani, aphunzitsi?" Ndayankha kuti sindikudziwa. Zoonadi sindikudziwa. Munthu wachitatu ameneyu sabata ino.

Kunyumba ndanunkhiza malaya awo. Mowa ayi. Pefyumu wa mkazi ayi. Sopo yekha. Mpaka ndakhumudwa, bola ndikanapeza chokalipira.

Lamulungu, 9 Malichi

Alamu abwera ndi kope. Kope ndithu! Alembamo zizindikiro. Ndevu. Timitengo. Kuyenda manja ali m'thumba ngakhale kukutentha. Kumwera tiyi kukhitchini okhaokha, chiimirire, atatifulatira. Ati anawerenga pafoni kuti anthu olemba zizindikiro zambiri amakhala ndi mkwiyo wobisika, ndipo ndevu zadzidzidzi ndi munthu wothawa nkhope yake. Koma mafoniwa atipha.

Chondipsetsa mtima n'chakuti zonsezo ndazionadi.

Apeza kale galimoto. Loweruka m'mawa, kuchipatala, mbali ya odwala misala. Bambowa tiwanamize kuti tikukazonda wodwala. Chatsala ndi ine kuvomera, poti mkazi wawo ndine. "Mukachedwa adzacheka munthu pakhosi, alamu. Mudzandikumbuka."

Ndati ndiganize kaye. Bwanji sindinawathamangitse?

Lachiwiri, 11 Malichi

Ndaphulika. Ndaika lezala ndi sopo patebulo, beseni la madzi ofunda pambali. Ndati, dzimeteni pano ndikuona, apo ayi mundiuze chakulowani. Ndalankhula zambiri, zina zosayenera. Ndati mwandichititsa manyazi, aphunzitsi anzanga akundifunsa ngati mwayambitsa mpingo.

Lezala ayiyang'ana nthawi yaitali. Manja m'thumba. Kenaka atuluka osamwa ndi tiyi yemwe.

Masana uthenga: "Pepani,,,,,,, mayi....." Ndapezeka ndikuwerenga mipatuliro ndi chala. Isanu ndi iwiri. Ndasanduka alamu tsopano, chatsala ndi kope.

Ndawaimbira alamu. Ndavomera za Loweruka. Nditadula foni ndalira m'chimbudzi cha aphunzitsi, belu likulira panja.

Lachisanu, 14 Malichi

Taweruka msanga. Ndati ndidutsire kushopu ndione ndekha, mwina mtima ungakhale pansi pa za mawa.

Dzuwa lili pamutu, chitseko chotseka theka, kasitomala palibe. Ndasuzumira. Bambowa akhala pampando wa makasitomala, baluni yofiira pakati pa mawondo, ayipaka thovu la sopo, akuyimeta ndi lezala. Pansi zidutswa za mabaluni mbwee. Ndati basi, alamu aja ananena zoona.

Baluni phuu! Thovu kumaso. Sanadzidzimuke n'komwe. Atenga ina m'thumba. Ndipamene ndaona dzanja. Likunjenjemera lokha, lezala ikugwedezeka ngati tsamba. Aligwira ndi linzake, osaleka.

Andiona. Sanabisenso.

Ati umu ndi mmene anawaphunzitsira abwana awo kalekale, ukameta baluni osaiphulitsa ndiye wakhoza. Chiyambire Febuluwale sanathe ndi imodzi yomwe. Atsegula ndevu ndi zala kundionetsa. Zipsera zitatu pansi pa chibwano. "Apa ndi panga. Likanakhala khosi la adalaivala?"

Ndati nanga mauthenga aja? Ati, "Chala chikafika pafoni sichichoka, chimangogogoda. Ndikati ndifufute ndimawonjezera ena."

Tiyi wa kukhitchini, kapu ankaigwira manja awiri kuti tisaone akutayika.

Ndakalipa, nanga ndikanatani? Munthu wamkulu kubisa matenda m'ndevu! Ndati bwanji osandiuza ine mkazi wanu? Ati, "Wometa wonjenjemera, adzakhale pampando pake ndani? Ntchito ina sindiidziwa, mayi."

Kenaka ndawauza za galimoto ya mawa, ndi kuti ndinavomera. Zinali zovuta kuzitulutsa pakamwa. Aseka pang'ono, koma maso anali ofiira. Tasesa mabaluni limodzi.

Zaka zonsezi ndimaona mpatuliro wolakwika ndili kutsogolo kwa kalasi. Dzanja la mwamuna wanga sindinalione.

Loweruka, 15 Malichi

Galimoto yabwera. Takwera tonse atatu. Chipatala chomwecho, khomo lina. Adokotala awayeza bambowa, awalembetsa dzina lawo papepala, awagwiritsa kapu ya madzi. Dzina la matenda sananene. Mapiritsi, ndi kubweranso pakatha masabata awiri. Za lezala ati ayambe ayisiya.

Alamu kope lili m'chikwama ulendo wonse. Potsika ati, "Komabe ine ndinaona kuti china chake chilipo." Ambuye ndigwireni.

Lolemba, 17 Malichi

M'mawa ndisanapite kusukulu. Pakhomo pa shopu, galasi pamsomali wake. Bambowa pampando, ine lezala m'manja. Ndinati tichitire kunyumba, akana. Ati chikwangwani n'chapakhomo, ndipo anthu adziwe zoona, atopa ndi manja m'thumba.

Malangizo osatha ngati ine ndi wa Sitandade 1. Kokani khungu. Pendeketsani. Osathamanga. Adalaivala aima ndi basi yawo kutsidya, akuyang'ana. Atsika, amva nkhani yonse, ati makinawo ali bwino, abwera Lachinayi. Ena awiri angodutsa osapereka ndi moni. Kaya zitha bwanji.

Nkhope yatuluka. Yachepa, yakalamba. Ndinaisowa.

Nthawi ya buleki, cholembera chofiira m'manja, foni yalira. "Mwandicheka pawiri aphunzitsi!!!!!!!!! Mawa muyambire baluni!!!!"

Sindinawerenge kuti ilipo ingati.