Bokosi Lonunkhiza Migolo

Kamitondo, Kitwe

Achimwene okondedwa,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ine thupi lili bwino, chodwala ndi pakamwa pangapa.

Sabata yatha kunabwera anyamata a ku yunivesite ndi mphunzitsi wawo mzungu, kudzaphunzira kupima za pansi pa nthaka kutchire kuseri kwa komboni. Anakhoma zikhomo, nayenda ndi kabokosi kokhala ndi singano yomwe imagwedezeka ikamva chitsulo. Amayi a m'komboni muno atandifunsa, ndinati, "Kameneko kamanunkhiza migolo ya mowa. Boma la Federeshoni latopa ndi agalu."

Achimwene, ndinkangoseka! Koma mukudziwa kuti alamu anu Nabanda amakwirira mgolo wawo wa mowa kutchire komweko. Iwo ndi anzawo anathamanga kukafukula dzuwa likuswa mtengo, ndipo pamsewu anakumana ndi apolisi, migolo ili pamutu. Mowa anataya, amayiwo ali m'chitokosi, mlandu ndi Lolemba. Akuti mwina atilanda nyumba.

Nditapita kukawaona, Nabanda anangoti, "Bambo, mwabwera kudzatiseketsanso?"

Anyamata aja akupimabe. Mmodzi anandifunsa mwaulemu chifukwa chake tchire lonse lili maenjemaenje. Ndinati ndi nkhumba.

Chonde pitani kwa apongozi mukawafotokozere bwino asanamve kwa ena, ndipo mutisungire kamunda kakudambo kaja. Mutipempherere. Nthabwala ndasiya dzulo, koma zikundivuta kuposa kusiya fodya.

Mulungu akusungeni nonse.

Ine mng'ono wanu,
Yotamu