Chifukwa Chake Sindibwera mu Juni

Al Nahda, Dubai
14 Malichi 2021

Okondedwa Bambo a Tamara,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko ku Thondwe, pamodzi ndi mwana wathu Percy ndi mkazi wake. Bondo lija likukuvutanibe? Ine ndili bwino, kupatula kuthamanga kwa magazi komwe mukukudziwa kale. Ndasankha kulemba kalata chifukwa pafoni mukangoyankha, mawu amandithawa.

Sindibwera mu Juni monga tinapangana. Ndasayinanso kontirakiti ya zaka ziwiri pachipatala pano.

Musakwiye musanamve chifukwa chake. Mwana wathu Tamara akudwala. Mu Okutobala tinakuuzani kuti wapezeka ndi Covid, kenako tinati wachira. Chifuwa chinathadi, koma matendawo anamuwonongera impso. Kuyambira Novembala wakhala akupita katatu pa sabata kuchipatala kuti akamusefe magazi pa makina. Anandichonderera kuti ndisakuuzeni, poti munali mutangoika maliro a achimwene anu. Ndinamvera mwana n'kukubisirani inu. Pamenepo ndinalakwa, ndipo ndikupepesa.

Ntchito yake ya kuhotela ku Downtown inatha alendo atasiya kubwera, inshuwaransi n'kuthera pomwepo. Mwayi wake, kuno mwana wamkazi wosakwatiwa amaloledwa kukhala pa viza ya kholo lake, ngakhale ali ndi zaka 26 ngati iyeyu. Ndinamulembetsa pa dzina langa, ndipo khadi yanga ya inshuwaransi ya kuntchito ndi imene ikumuchititsa kulandira chithandizo. Tsiku limene ndidzavule yunifolomu ya unesi, khadiyo idzasiya kugwira ntchito, viza yakenso chimodzimodzi.

Kalata yopumira pa ntchito ndinali nditapereka kale mu Seputembala, zonsezi zisanachitike. Ndinkangopemphera kuti pofika Juni akhale atachira. Koma mwezi watha dokotala anandiuza mosabisa kuti chaka chimodzi n'chochepa.

M'mawa mwake ndinapita kwa a Theresa, mkulu wathu wa manesi, mayi wa ku India. Ndinachita manyazi, munthu wa zaka 60 kukapempha ntchito imene ndinaitsanzika ndekha. Anandiuza kuti wolowa m'malo mwanga anali atapezeka kale. Nditawafotokozera za Tamara anangoti khalas, ndiye kuti basi m'Chiarabu, apita okha kukalankhula ndi akuluakulu. Patatha sabata anandiitana kukasayina. Anandichotsanso ku wodi ya odwala Covid chifukwa cha msinkhu wanga. Tsopano ndimabaya anthu katemera, tsiku lonse ndili pampando.

Tamara atamva anapsa mtima. Anati safuna kukhala chingwe chondimangirira kuno, bola akwere ndege abwere kwanu. Ndinamufunsa ngati akudziwa kuti kwathu makinawo ndi ochepa, ndiponso kuti azidzayenda bwanji kuchoka ku Thondwe kupita ku Blantyre katatu pa sabata. Anakhala masiku awiri osandilankhula. Tsiku lachitatu tili m'basi, pamndandanda wa magalimoto wosasuntha uja wa ku Al Nahda, anatsamira paphewa langa n'kunena kuti wavomera, koma bambo ake adziwe zoona. Ndiye kalata ino.

Nkhani yabwino iliponso. Zotsatira za sabata yatha zaonetsa kuti impso zayamba kudzuka pang'ono. Amuchepetsera masiku, tsopano akupita kawiri. Dokotala anati inshallah, Mulungu akalola, zipitirira choncho. Nkhope yaphwa, chakudya chikulowa, ndipo dzulo anandiseka kuti ndimayenda ngati bakha. Wayambanso kuphunzira za maofesi pa kompyuta. Akadzapeza ntchito yokhala ndi inshuwaransi yakeyake, ine sindidikira kuti zaka ziwirizo zikwane.

Ndikudziwa kuti mwapaka utoto nyumba yonse ndipo munalengeza kale kutchalitchi kuti ndikubwera. Mwandidikira zaka khumi ndi zinayi osadandaula. Ndikupempha mundidikireko pang'ono, kapena maulendo akayamba kuyenda bwino mubwere inuyo kuno. Fulati ndi yaing'ono, koma atatu tikwanamo.

Kalatayi ikakufikani, Tamara adzakuimbirani Lamlungu mukatuluka m'mapemphero. Akuopa kwambiri. Chonde musamufunse chifukwa chake anabisa. Mlandu umenewo ndi wanga, tidzakambirana awiri. Iyeyo mungomufunsa ngati wadya.

Mundiperekere moni kwa Percy ndi banja lake, kwa alamu anga a Dorothy, ndi kwa amayi onse a kwaya. Ambuye akusungeni, akupatseninso mtima wondikhululukira.

Ndine mkazi wanu,
Benedicta