Nambala seveni ya magazini a dona

Amayi,

Mundikhululukire kuti ndikukuvutitsani pamene mukupuma. Kodi muli bwanji kumeneko? Ife kuno ku purazi tilipo. Mpongozi wanu wabereka mwana wamkazi, tamutcha dzina lanu, koma chifuwa sichikumusiya mwanayo. Fodya wa chaka chino matalala anamuboola, ndipo bwana sakuseka ndi munthu.

Nkhani yanga ndi ya magazini a dona, aja ochokera ku Mangalande, onena za kakonzedwe ka zithunzi zakale zopenta. Mukudziwa kuti wowasamala ndine. Chizungu chake sindichimva, koma manambala ndimawadziwa. Poyamba ankabwera kawiri pa chaka, opyapyala. Kenaka anayamba kubwera kanayi. Chaka china anachedwa mpaka mvula inatha, ndipo atafika anali awiri osokedwa pamodzi. Ndimawapukuta Loweruka lililonse, n'kuika masamba a fodya kuseri kwa shelefu kuti njenjete zisayandikire. Inu munkati, "Yohane, mapepala a azunguwo ukuwalera kuposa ana ako."

Tsopano dona akufuna kuwatumiza ku Salisbury kuti akawasoke akhale mabuku. Powerenga apeza kuti nambala seveni palibe. Analembera eni ake kutsidya kwa nyanja, ndipo yankho labwera: anaitumiza kalekale, zotsala zinatha, sadzasindikizanso. Dona akuti popanda imeneyo onsewo ali ngati mkamwa mogweluka dzino. Mlandu wagwera a Zuze, dalaivala wa ku Tete uja, poti ndiwo amakatenga makalata ku tauni ya Marandera. Bwana wati ikapanda kupezeka pofika Lachisanu, tsiku lomaliza la mwezi uno, atuluke m'komboni ndi ana awo asanu.

Amayi, nambala seveni ili ndi inu.

Tsiku limene munatisiya, a Zuze anandipatsa m'manja pa geti. Inali yokulungidwa, ndipo ndinailowetsa m'thumba la m'kati mwa jekete kuti isade. Ndisanafike kunyumba yaikulu ndinamva azimayi akulira ku komboni. Bokosi lanu tinakhoma ndi matabwa a m'shedi ya fodya, okhakhala, ndipo sindinafune kuti mutu wanu ugone pa thabwa. Ndinavula jekete lija, ndinalipinda, n'kukutsamiritsani. Za m'thumbamo ndinazikumbukira patapita sabata ziwiri. Ndinasendeza magazini enawo pa shelefu kuti mpata usaoneke, ndipo ndakhala chete zaka zonsezi.

Dzulo a Zuze anandipeza kuseri kwa khitchini ndikutsuka mapoto. Anati, "Achimwene, pepala lija sindinakupatseni inu, tsiku la maliro?" Ndinati sindikukumbukira. Anandiyang'ana, nati, "Chabwino. Kaya, mwina mutu wangawu wakalamba." Amayi, munthu ameneyu ndiye anakunyamulani pa lole kupita kumanda, osapempha n'komwe kwa bwana.

Ndikaulula, wochoka ndine. Situpa yanga, chiphaso cha ntchito chija, akailemba zoipa palibe purazi ina idzandilandire, ndipo ku Dedza sitikudziwanso munthu. Manda anu ali m'munda mwa eni ake, adzawalimira ndani? Chinanso chimene sindinauze ngakhale mkazi wanga: bwana mmene alili chaka chino, ndikuopa angati titenge makasu tikafukule manda anu.

Kwa abusa sindingapite, nkhani zawo zimathera kwa foromani. N'chifukwa chake ndabwera kwa inu. Chonde mundiyankhe Lachisanu lisanafike, kaya kumaloto, kaya m'njira ina imene amakulolani kumeneko. Mukati ndikhale chete chifukwa cha adzukulu anu, ndidzamvera, ngakhale sindikudziwa kuti a Zuze ndidzawayang'ana bwanji akamakweza katundu. Koma mukapanda kuyankha ndidzadziwa kuti mwandikwiyira, monga munkachitira ndili mwana. Pamenepo ndikulonjeza kuti Lachisanu m'mawa, popereka tiyi, ndidzawauza dona zonse.

Ine mwana wanu wokukondani,
Yohane