Ndowa ya Kachete

Lolemba, 3 Malichi

Ine ndine wosita zovala ku hotela, zaka 67. Anzanga amanditcha Amasimbi. Sukulu sindinaiponde, zilembozi anandiphunzitsa ndi mwana wanga imvi zitamera kale. Ndimalemba ngati nkhuku yoyenda m'matope, koma ndimafika.

Kochapira kwathu, pansi pa hotela, mayiko ndi ambiri. Wamtali, wa kudziko lozizira, woyendetsa makina. Achemwali awiri a kutsidya kwa nyanja, opinda matawulo. Andevu, okankha ngolo ya zovala. Chilankhulo cha abwana tonse timachithyola miyendo, aliyense mothyola mwake. Timamvana basi.

Lero kwabwera watsopano. Mayi wachitsikana, mpango wobiriwira, wochokera kutali kuposa tonse. Mawu ake awiri okha, "inde" ndi "pepani". Ali poyesedwa mwezi umodzi. Akapitawo ati mwezi ukatha adzatifunsa ngati akugwirizana ndi anzake. Andipatsa ine kuti tizipinda naye nsalu za pabedi.

Lachinayi, 6 Malichi

Nsalu ya pabedi sapinda munthu mmodzi. Iye uko, ine kuno, kuyang'anizana. Ine kutembenuzira kumanja kwanga, iyenso kumanja kwake, nsalu n'kupotana ngati chingwe. Katatu konse. Waseka atatseka pakamwa ndi dzanja. Tsono ndayamba kung'ung'udza kanyimbo, kakamatha timakumana pakati. Zayenda.

Akapitawo amata chipepala chachikulu pakhoma, manja amitundumitundu atagwirana. Akuti palembedwa kuti tonse ndife ofanana. Andevu anati, "Ofanana? Ndiye Wamtali andigawireko miyendo."

Mankhwala opaka mawondo akweranso mtengo. Ndipaka bondo limodzi, linalo lidikire.

Lachiwiri, 11 Malichi

Kankhani kayambika. Masana timadya patebulo limodzi, aliyense za kwawo, kulawitsana. Za achemwali aja tsabola wake wotulutsa misozi ndi mamina. Koma watsopanoyu belu likangolira, zii, wasowa. Amutcha kale Kachete.

Mchemwali wamng'ono anati, "Amanyansidwa nafe ameneyu. Akapitawo akandifunsa, ine ndinena zoona."

Inenso zandikhudza pang'ono. Kachete ndinamusungira nthochi, ndadya ndekha.

Komatu dzulo anandionetsa ana ake pafoni. Awiri, wamng'ono wagweluka mano. Ndipo ndamva kuti ntchito ikamuthera, chilolezo chokhala kuno chitheranso pomwepo. Mtima wanga sunakhale pansi.

Lachisanu, 14 Malichi

Mvula kuyambira m'mawa. Mawondo kulira. Masana ndinati ndikaothe kuseri kwa makina owumitsa zovala, kumafunda.

Kachete ndinamupeza kumeneko. Wakhala pa ndowa yovundikira, chakudya pamiyendo.

Ndinaloza kutebulo, ndinaloza pakamwa, kuti tiye. Anandigwira dzanja mpaka pakhomo. Anayamba kuloza mipando umodziumodzi. Wa katsamiro, wanga. Wa jekete, wa Andevu. Iwiri yogundana, ya achemwali. Wa Wamtali, womanga ndi waya. Kenako anadziloza pachifuwa n'kutambasula manja.

Ndinayang'ana bwinobwino. Zoonadi, wopanda mwini panalibe.

Atatero analankhula m'foni yake, foniyo n'kundiuza m'chilankhulo cha abwana. Kumene ankagwira kale, wobwera sakhala patebulo mpaka eni ake amuitane. Ukadziitana wekha, ndiye mwano. Masiku onsewa iye kudikira kuti timuitane, ife kudikira kuti abwere. Kwathu kuno saitana, umangodzipanikiza ndi chigongono!

Ndinakhala pansi pomwepo, tinadyera limodzi. Podzuka anachita kundikoka ngati ng'ombe yotitimira m'dambo.

Lolemba, 17 Malichi

Lero ndaseka mpaka nthiti kuwawa.

Belu litalira ndinanyamula ndowa ija, n'kuiika pambali pa tebulo lathu. Ndinakhalapo ine, Kachete ndinamukankhira pampando wanga wa katsamiro. Kukana, "pepani, pepani", ine osamumvera. Onse maso tong'o.

Wamtali sanapirire kuona nkhalamba pa ndowa. Anati, "Ayi amama, ayi," n'kundinyamula ngati mtolo wa matawulo, kundikhazika pampando wake. Pa ndowa n'kukhalapo iye. Munthu wake thupi ngati chitseko. Ndowa ija phwaa! Miyendo m'mwamba, supuni ili m'manja.

Andevu anati, "Tsopano tafanana."

Kachete waseka osatseka pakamwa. Kani ali ndi kampata m'mano ngati ka mwana wanga.

Mchemwali wamng'ono, nkhope idakali yomanga, anamukankhira mbale ya tsabola uja, kumuyesa. Wadya, osatuluka ndi msozi womwe, n'kutambasulanso dzanja. Mchemwali anangoti, "Ii, ameneyu ndi wa kwathu."

Phokoso linaitana akapitawo. Anayang'ana Wamtali pansi, anayang'ana chipepala chawo pakhoma, anayang'ana mipando. Anati, "Kalanga ine, manja ndinagula, mpando ndinaiwala." Nawonso analawa tsabola, anathawa akutsokomola.

Lachisanu, 28 Malichi

Ndatenga nthawi osalemba. Ntchito yachuluka, alendo adzaza hotela.

Mpando unabwera, wofiira. Ndowa yatsopano nayonso, Wamtali aletsedwa kuyandikirako.

Lero ndiye tsiku lija. Akapitawo kutiitana mmodzimmodzi. Kachete kupinda nsalu, kanyimbo kathu kosatuluka. Ine ndinanena zanga. Amene ndimamuopa ndi mchemwali wamng'ono, pakamwa pake sipadziwika.

Watuluka, wati, "Ndanena zoona. Amatimalizira tsabola, koma akhale."

Akhala! Ndinavina ndi bondo losapaka lomwe.

Tsono iwe Kachete, mwana wanga, kope ili sindinaonetsepo munthu, koma lero ndikubwereka. Foni yako ija ikuwerengere, ikalephera zilembo zanga usaikalipire. Pansipa ndakusiyira malo. Undilembereko m'zilembo za kwanu zopotanapotana zija, undiuze ngati ana asangalala. Undiuzenso tizikutcha ndani tsopano, poti chikhalire pampando wofiira uja sunatsekepo pakamwa.