Majombo anga alowa m'nkhani ya mpongozi wanu

Amayi, kodi kumeneko mukukhalako bwanji?

Ndine mwana wanu Madalitso. Musadabwe kuona kalata. Muli moyo sindinakulembereniko, mukudziwa kuti cholembera chimandilemera kuposa khasu. Koma pali nkhani imene ndikayamba kufotokozera anthu amoyo amaseka ndisanafike pakati, ndiye ndati bola inu, munkamvetsera mpaka munthu amalize.

Ndiyambe ndi zabwino. Pathupi pamene munasiya mpongozi wanu Tiyamike ali napo paja panabadwa mwana wamkazi, tinamutcha Tadala. Anabadwira ku Kabudula mvula yoyamba itangogwa. Panopa akukwawa, mano am'munsi atuluka, ndipo chilichonse chimene wapeza pansi, kaya chitsononkho kaya chitosi cha nkhuku, njira yake ndi kukamwa. Mphumi ndi yanu yeniyeni. Akangotsokomola kamodzi ine ndayamba kale kupopa njinga ya kuchipatala, mpaka amake amati ndidzatha matayala mwana asanayambe kuyenda.

Chimanga chachita mwapakatikati, mbozi zinatipweteka chakumtunda kwa munda. Mtedza ndi umene watipukuta misozi. Fodya ndinabzala wochepa, ali m'chigafa. Mbuzi yanu yamawanga ija ndinakaitenga ku Nambuma, ili kuno ku Nsaru ndipo yaswa. Nyumba yanu mukukhala achemwali, denga tinafoleranso.

Ine ndikadali pachikamwini. Munkati mkamwini ndi mlendo ngakhale amere imvi pamudzipo, aziyenda akuyang'ana pamene waponda. Ndinkayesa mukunena za kuba nkhuku kapena kuledzera. Sindinkadziwa kuti munthu angapalamule mlandu ndi majombo ake.

Amayi, mpongozi wanu amalemba nkhani. Paja iye anafika Folomu 4. Amalembera pafoni, masana mwana akagona, atakhala pamphasa kuseri kwa nyumba, zala zili zothamanga ngati akutola nyemba. Akamaliza gawo limodzi amaliponya pagulu la pafoni, pamene pali anthu amene amamutumizira kangachepe kuti aziwerenga. Akuti alipo anamwino, aphunzitsi, ena ali ku Joni. Dzina lake lenileni saikapo, anadzipatsa lina. Nkhani ikatha yonse amapita nayo pasitolo ya pa Nsaru pamene amasindikiza makhadi a ukwati, amupangire timabuku tolumikiza ndi waya, n'kumagulitsa kwa amene alibe mafoni aakulu. Ndinamufunsa kuti bwanji osapereka kwa osindikiza mabuku enieni mu Lilongwe. Anati akatero adzadikira yankho mpaka Tadala adzakwatiwe, ndiponso adzamuuza kuti achotse zowawa zonse kuti buku likalowe m'sukulu. Iye akuti salembera ana a sukulu. Pamwamba pa gawo lililonse amayamba ndi chenjezo, kuti muno muli nkhanza ndi za akuluakulu, wamtima wofewa alambalale.

Ine ndinalibe nazo vuto. Sopo ankaoneka m'nyumba, mchere osapempha kwa aneba. Chimene chinkandizunguza mutu ndi mtundu wa nkhanizo. Amati n'zachikondi, koma si chikondi cha pa tchalitchi chimene mumachidziwa inu, choti awiri agwirana manja, makwaya aimba, mpunga wadyedwa. Imene akulemba panopa ndi ya mwamuna wogula fodya dzina lake Lekani, amene watenga mkazi n'kumamutsekera m'nyumba ndi loko akamachoka. Nsanje yake ndi yoopsa. Akabwera amamubweretsera nsalu ndi mafuta onunkhira, n'kumalira pamapazi ake. Mkaziyo amadana naye, komanso akachedwa kubwera mtima wake sukhazikika. Ndinati make Tadala, chikondi chanji cha loko? Anthu akulipira kuti awerenge zimenezi, alibe mavuto kwawo?

Anandiyankha ndi funso. Anati chilombo cha gule chikatulukira pamudzi, amayi amathawira kuti? Ndinati kuseri kwa nkhokwe. Anati nanga akafika kuseriko amatseka maso? Ndinaseka, chifukwa inu nomwe, ndi Chipresibateriya chanu chonse, munkasuzumira. Akuti owerenga ake ali choncho, amafuna kuchiona choopsacho ali pamalo poti chikanyanya angothimitsa foni. Akutinso asanalembe mzere woyamba amakhala atadziwa kale mathero, ngati mmisiri amene amayamba wakhoma zikhomo asanaike njerwa. Ndipo ali ndi lamulo lake, loti zochita za Lekani sadzazitcha zabwino ngakhale owerenga amukonde bwanji munthuyo. Ena amamulembera kuti awakwatitse basi, akhululukirane. Iye amangoti tsk, n'kupitiriza mmene anakonzera.

Nthawi zina ankandifunsa zinthu. Fodya wonyowa amanunkha bwanji m'chigafa, mavenda amabera bwanji pasikelo, loko wotchipa amathyoka ndi chiyani. Ndinkayankha monyada, Amayi. Kwa nthawi yoyamba munthu wa Folomu 4 ankaphunzira kwa ine. Kuwerenga nkhaniyo ndiye sindinkawerenga, zilembo za pafoni ndi tinyerere.

Mukukumbukira chizolowezi changa chija, chimene munandiphunzitsa ndi chikoti, choti ndikafika pakhomo ndivule majombo n'kuwagundanitsa kuti matope agwe ndisanalowe? Ndimachitabe. Tiyamike anachitenga n'kumupatsa Lekani. M'nkhanimo mkazi uja ali m'nyumba yotseka, akangomva majombo akugundana panja, thupi lake lonse limazizira.

Mtsikana wina wa pamudzi pompano ankawerengera anzake gawo limenelo mokweza pamjigo. Pamzere wa zidebe panali azakhali ake a Tiyamike, a Naphiri, amene anamulera amake atamwalira. Dzina lobisika lija pamudzi silibisa kanthu, aliyense amadziwa mwini nkhani. Ndipo pamudzi ponse wogundanitsa majombo ndine ndekha, a Naphiri amandimva tsiku lililonse chifukwa nyumba zathu n'zoyang'anana. Anasiya chidebe pamjigo pomwepo n'kulunjika kwa atsibweni a Tiyamike, a Gwaza, amene ndi ankhoswe ake.

Mawu awo ndinawamva pambuyo pake. Akuti anati, "Achimwene, mwana akulira ife tili phee. Kale tinkadandaulira pamtondo, wamakutu n'kumva. Lero kuli zigayo, atsikana akusinjira pafoni."

Amayi, apa ndi pamene ndinakukumbukirani kwambiri. Abambo akabwera kumowa atagulitsa nkhuku osakuuzani, simunkakangana nawo. M'mawa mwake munkaika mtondo pafupi ndi pamene akhala, n'kuyamba kusinja mukuimba za mwamuna wina wake wa kutali amene denga lake limadontha. Dzina simunkatchula. Abambo ankakhala ngati sakumva, koma madzulo tinkawaona akubwera ndi mtolo wa udzu. Ndiye a Naphiri sindinawaone ngati openga. Mudzi wonse unamva chimodzimodzi. Pachigayo amayi ankasiya kuyankhula ndikafika. Kutchalitchi mkulu wa mpingo anandigwira dzanja nthawi yaitali akundiyang'ana m'maso.

A Gwaza anatumiza uthenga ku Nambuma, alongo anu a Lufeyo anabwera panjinga monga ankhoswe anga. Tinakhala m'mawa pakhonde la a Gwaza, ine pansi, Tiyamike uko ndi mwana kumsana. A Gwaza sanazungulire. Anatsokomola kaye monga amachitira, n'kunena kuti, "Akamwini, ngati zimene tikumvazi zili zoona, mutenge khasu lanu ndi mbuzi yanu mubwerere kwanu. Mwanayu ndi wa pano, mukudziwa."

Ndikudziwadi. Mwana ndi wa kuchikazi. Ndinayang'ana kaphazi ka Tadala kali lende pansi pa nsalu. Ndinkafuna kunena kuti sindinamenyepo munthu chibadwire, koma a Lufeyo anandiponda chala kuti ndikhale chete.

A Naphiri anamutengera Tiyamike m'nyumba kukamuona msana ndi nthiti. Anatuluka nkhope ili yokhumudwa pang'ono, n'kunena kuti palibe kanthu, koma mabala ena saoneka. Pamenepo Tiyamike anagwada n'kupempha kuyankhula. Anati, "Atsibweni, ine ndinkafuna phokoso loti wowerenga adziwe kuti mwamuna wafika pakhomo. Mwamuna amene ndimamumva akufika ndi mmodzi yekha, ndiye ndikanatenga phokoso la ndani? Munthu wa m'nkhani ndimamusoka ngati chigamba, apa ndatenga kwa uyu, apa kwa uyo. Majombo ndi a bambo a Tadala. Kutsokomola kumene Lekani amatsokomola akafuna kuopseza munthu ndinatenga kwa inu."

A Lufeyo anaphulika kuseka mpaka chipewa chinagwa. A Gwaza anafuna kutsokomola, n'kudzigwira pakati, ndiye zinangoipiraipira. A Naphiri anati, "Iwe, usatisewere. Nanga mkaziyo atuluka m'nyumbamo kapena afera momwemo?" Tiyamike anati azakhali mudikire gawo la Loweruka ngati anzanu. Iwo anati, "Taonani mwano! Ndinakusambitsa ine, lero undiimike pamzere?" Koma anafunsanso kachiwiri, motsitsa mawu, ndipo ndinaona kuti si mlandu wokha umene unawabweretsa.

Ndinkayesa zatha. Koma a Gwaza anatembenukira kwa ine. Anati thupi laoneka lilibe bala, komabe dzina la akamwini ladetsedwa, ndiye mwini dzina anene yekha. Ndikafuna, iwo amuletsa mwana wawo kulemba, foni ikhale yoimbira basi. A Lufeyo anandinong'oneza kuti vomera mphwanga, nkhani ife pompano, ukhale pamudzi mwamtendere.

Kunena zoona ndinatsala pang'ono kuvomera. Koma mumtima munali kanthu kena kamene kankandiluma chiyambire nkhani ya pamjigo. Munkati safunsa anadya phula. Ndiye pamaso pa ankhoswe onse ndinafunsa mkazi wanga. Ndinati make Tadala, za majombo ndamva. Nanga loko uja munamutenga kwa ndani? Kodi ine ndimakutsekerani?

Tiyamike anakonza nsalu ya mwana kumsana. Kenako anati, "Loko mulibe, bambo a Tadala, ndipo dzanja lanu silinandikhudzepo moipa. Lekani si inu. Koma chibadwire mwanayu sindinapondeko pamsika. Mumati kuli fumbi, mwana adwala. Kwa anzanga mumati kuli chifuwa. Ku maliro a ku Kasiya munati dzuwa lachuluka. Simukalipa, mumangoda nkhawa mpaka ine ndimasula mwana n'kukhala pansi. Mmene munthu amamvera akamayang'ana njira ali m'nyumba, zimenezo sindinafunse kwa wina aliyense."

Palibe anaseka. Ine manyazi anandigwira, koma chodabwitsa n'chakuti mantha aja anachepa. Ndi bwino kudziwa pamene denga likudontha. Ndinauza a Gwaza kuti asamuletse, alembe mpaka amalize, ndipo za kumsika ndamva. A Lufeyo anapukusa mutu. A Gwaza anati mlandu watha, akamwini akhale, koma kutsokomola kwawo kuchotsedwe m'magawo otsala. Tiyamike anati aganizira.

Tsiku la msika lapitali anapita pa Nsaru ndi Tadala kumsana, timabuku take ta nkhani yakale tili m'jumbo. Ine ndinatsala m'chigafa kusankha fodya. Amayi, ndinasakaniza masamba apansi ndi apamwamba ngati mwana wongoyamba kumene, maso ali kunjira. Njinga ndinaipopa, kenako ndinaibwezera m'nyumba. Dzuwa litapendeka anatulukira, miyendo ili mbuu, amake akuseka ndi anzawo, Tadala atagwira kachidutswa ka mandasi kodzaza dothi. Ndinamulanda kachidutswako. Mpaka lero sanatsokomole.

Dzina lokha ndiye landimamatira. Anyamata a kabaza pa Nsaru akandiona amakuwa kuti a Lekani, makiyi mwasiya kuti? Ndimangokweza dzanja. Ndinamupempha Tiyamike kuti andikulitsire zilembo pafoni, ndipo ndayamba kuwerenga ndekha kuyambira gawo loyamba, pang'onopang'ono, milomo ikuyenda. Munthu uja ndi woipa, Amayi. Koma pali pena pamene amaima panja pa chitseko chake chomwe, kiyi ali m'manja, akuopa kuti akatsegula mkaziyo sadzabwereranso, ndipo pamenepo ndinaika foni pansi n'kupita kukamwetsa mbuzi. Mathero sandiuza ngakhale ine. Akuti mwamuna wa wolemba alibe mzere wakewake.

Pali chimene ndikanakonda kukufunsani mukanakhala pafupi. Abambo ankabweretsa udzu uja, inde, koma kodi analipo tsiku limene anakhala pansi n'kukufunsani kuti Nabanda, nyimbo ija mukunena ine? Kapena m'masiku anu funso limenelo silinkafunsidwa? Ine ndalifunsa, ndipo yankho lake limawawa ngati jakisoni, koma munthu umadzuka n'kuyenda.

Fodya akagulidwa tibwera ku Nambuma tonse atatu, tidzalambule pamanda panu, achemwali amuonenso mwana. Ulendo ndi wautali ndipo msewu ndi wafumbi. Ndikukulonjezani kuti sindidzanena kuti mwana atsale.

Muwapatse moni abambo ngati mumaonana.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Madalitso