Khasu la Amalume ndi Mafunde a Kuthambo

Amayi okondedwa,

Ndikhulupirira miyendo ija yapepukako. Ine ndili bwino, mtima wokha ndiwo ukuwawa.

Paja kusukulu ndimafufuza mafunde oyenda pang'onopang'ono amene mphepo yochokera kudzuwa imautsa m'maginito ozungulira dziko. Kachipangizo kowamvera ndinakakwirira ku Hillcrest, kumunda kumene amalume amagwira ntchito. Miyezi iwiri kankalemba mafunde okongola m'mawa uliwonse, mpaka ndinauza aphunzitsi kuti ndawapeza.

Lachiwiri ndinalawirira komweko. Ndinapeza amalume akupalira pomwe ndinakwirira kachipangizo kaja, khasu kukwera, khasu kutsika. Chitsulo chimasokoneza maginito, amayi. Mafunde onse aja anali a khasulo!

Iwo akuti, "Eish, Tadala, ndimati chinthu chakochi chisamere udzu."

Ndinangothokoza. Ntchito ndiyambiranso, koma kuwaletsa pakamwa pandilemera. Chonde muwaimbire alongo anuwo, udzuwo ausiye umere.

Mulungu akusungeni.

Mwana wanu,
Tadala